Mutu Wachisanu: Fifitini Kapena Fifite

1. Dipuloma

Pali anthu ena amene akangophunzira pang'ono, khosi limauma. Sathanso kuyang'ana pansi, ngakhale kumene anachokera. Mnyamata wa m'nkhani yathuyi anali mmodzi wa anthu otere.

Anali ndi zaka makumi awiri, atangomaliza kumene maphunziro a zamagetsi ku koleji. Pepala lake analiika m'fulemu n'kulipachika pabalaza, pamsomali umene panali chithunzi cha ukwati wa makolo ake. Chithunzicho anachikankhira kuseri kwa kabati.

Kufakitale ya sopo kumene ankagwira ntchito, mawu oti "dipuloma" ankatuluka m'kamwa mwake kawirikawiri kuposa moni. Mapeto ake anthu anangomupatsa dzina lomwelo. Iye ankayesa kuti akumulemekeza.

Komatu ntchitoyo sinabwere ndi pepalalo. Anachita kumupemphera ndi bambo ake omubereka, amene anagwira ntchito yamagetsi pafakitalepo zaka makumi atatu. Aliyense ankawatchula kuti a Mawaya. Pepala analibe, koma fakitale yonse inali m'mutu mwawo, ndiponso m'kabuku kakuda ndi girisi kamene sikankachoka m'thumba la ovololo yawo. Makiyi a makabati onse a magetsi ankalendewera palamba wawo.

Kunyumba mnyamatayo ankati "ababa". Akangolowa pageti la fakitale ankati "madala", n'kuyamba kuyenda mofulumira kuti anthu asaone kuti abwerera limodzi. Kaya ankabisira ndani, poti theka la fakitaleyo linamunyamulapo ali khanda.

Mkulu woyang'anira makina anali watsopano. Ankavala tayi pamalo pamene anthu onse amavala ovololo, choncho dzina lake linali Bwana Tayi. Mkulu ameneyu ankanyansidwa ndi anthu opanda mapepala. Mwezi wapitawo anali atauza a Mawaya pamaso pa anthu kuti, "Madala, nthawi yanu inatha. Mukadzangolakwitsa kamodzi kokha, makiyiwo mudzawasiya patebulo panga."

"Ndamva, bwana," anayankha a Mawaya.

Kuyambira tsiku limenelo aliyense ankadziwa kuti ntchito ya a Mawaya ili pakaulusi, ndipo Bwana Tayi akungodikira kuti kaduke.

2. Khadi Lapsa

Lachitatu m'mawa makina okulunga sopo m'mapepala anangoima.

Kuti nkhaniyi muimve bwino, dziwani izi. Makina aliwonse m'fakitalemo ali ndi kabokosi kowalamulira, kotchedwa kontolola. Antchito amangoti ubongo. Ubongowu umakhala m'kabati yachitsulo, ndipo pambali pake pamalowetsedwa khadi la netiweki. Khadili ndilo pakamwa ndi khutu la makinawo. Ndi limene limawalumikiza ndi makina anzawo, komanso ndi kompyuta ya m'chipinda choyang'anira. Khadi likafa, makina samva ndipo salankhula.

A Mawaya atatsegula kabati ya makina okulungawo, fungo la pulasitiki wopserera linawapatsa moni. Khadi linali litapsa, kutsogolo kwake kutasungunuka. Asanachite kalikonse, uthenga unafika woti pampu ya madzi kuseri kwa fakitale yayamba kutentha.

Bwana Tayi analoza Dipuloma. "Khadili aike mnyamatayu. Izi n'zamakono, si zomanga mawaya ndi mphira. Inu madala pitani kupampu."

A Mawaya anagwira mwana wawo paphewa.

"Mwanawe, khutu kuno. Ntchitoyi ndi yaing'ono, koma ntchito zing'onozing'ono ndi zimene zimagwetsa anthu. Uzimitse magetsi a kabatiyi, upachikepo loko wako, kiyi m'thumba. Usanakhudze khadi latsopano uvale lamba uja wapadzanja, chifukwa thupi lathuli limasunga timagetsi timene iwe sungatimve koma khadi limafa nato. Polowetsa usakankhe ngati ukutseka khola. Kumbuyoko kuli timano, kamodzi kakapindika ndiye kuti kwatha. Koma chachikulu ndi nambala. Pakhadipo pali timagudumu tiwiri topatsira makina nambala yawo, ndipo nambala ndi dzina. Kompyuta ikaitana dzina, ayankhe mmodzi. Makina athuwa ndi akale, sadziwa kupatsana mpata. Awiri akakhala ndi nambala imodzi amayankhira pamodzi, kompyuta imasokonezeka n'kuwataya onse awiri. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Ndiye ndikakuuza nambala, iwe ubwereze, ine ndivomere. Ukayatsa, uime pomwepo mpaka kanyale kobiriwira kakhazikike. Kakamaphethira kofiira, zimitsa msanga, usachite manyazi."

Dipuloma anayasamula osatseka pakamwa.

"Madala, zimenezo tinaphunzira chaka choyamba. Tsobola wakale sawawa."

Bwana Tayi anaseka mpaka tayi kugwedezeka. A Mawaya anatulutsa kabuku kawo n'kuyamba kufufuza tsamba la manambala, koma bwanayo anawadula.

"Pampu ikupsa, inu muli kalikiliki kulalikira. Nyamukani."

"Ukafika panambalapo undiimbire foni," anatero a Mawaya, akubweza kabukuko m'thumba.

Dipuloma anapita kusitolo ya zipangizo kukatenga khadi latsopano. Mayi a kusitolo, amene anakalambira pafakitale pomwepo, anamuikira pakauntala khadi lili m'kathumba kake, pamodzi ndi lamba wapadzanja. Iye anatenga khadi, lamba n'kumukankhira kwa eni ake.

"Chibangili chimenecho muzivala nokha, mayi."

Mayiwo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

3. Mchira wa Mawu

Chilungamo tinene, Dipuloma manja anali nawo. Anazimitsa magetsi, anapachika loko wake, anazula khadi lakupsalo, n'kulowetsa latsopano bwinobwino osapinda kadzino ndi kamodzi komwe. Khadilo silinafe ngakhale analigwira chimanjamanja. Mwayi nthawi zina umagwera ndi zitsiru zomwe.

Panatsala nambala. Timagudumu ta khadi lakale tinali titasungunuka, ndipo kapepala ka pachitseko cha kabati kanafufutika kalekale ndi nthunzi ya sopo. Panalibe kuchitira mwina koma kuimba foni.

Atsikana awiri ogwira ntchito pamakina okulungawo anali ataima chapafupi, manja m'matumba, kudikira kuti ntchito iyambe. Dipuloma anawaona. Anatsamira kabati, mwendo wina kuupingasa pa unzake, foni kukhutu. Pambali pake makina odula sopo anali kumenya mwamphamvu, moti pansi pankanjenjemera.

"Madala, nambala ija."

"Mvetsera bwino," anatero a Mawaya kumbali inayo. "Khumi ndi zi..."

Pamenepa pakufunika kufotokoza. A Mawaya sankatchula nambala m'Chizungu akakhala pantchito. Wina aliyense ankati twente, fote, sikisite, koma iwo ankati makumi awiri, makumi anayi, makumi asanu ndi limodzi. Achinyamata ankawaseka nazo n'kumawayeserera akapotoloka. Dipuloma ndiye ankachita kuyabwa thupi lonse akamva zimenezi.

"Madala, nenani m'Chizungu," anatero mokweza kuti atsikana aja amve. "Sitikuwerenga mbuzi pano."

Atsikanawo anaseka chamumtima, wina n'kubisa nkhope kumsana kwa mnzake.

"Mwanawe, m'phokoso muno Chizungu chimaduka mchira."

"Nenani basi, ndili ndi zochita."

A Mawaya anapumira m'mwamba. "Fifitini," anatero.

Nthawi yomweyo makina odula aja anamenya. Mutu wa mawuwo unafika m'khutu la Dipuloma, koma mchira unatsala m'njira. Iye anamva fifite.

"Tsopano bwereza ndimve," anatero a Mawaya.

Koma anali kulankhula ndi foni yoduka. Anaimbanso kawiri, mwana wawo osayankha. Pampu inali itamasulidwa, madzi ali ponseponse, ndipo sakanatha kuisiya.

Dipuloma anatenga kasikuludiraiva. Kagudumu koyamba anakaika pa faifi, kachiwiri pa ziro. Anachotsa loko n'kuyatsa magetsi.

Kanyale kanayaka kobiriwira, kenako kofiira. Kobiriwira, kofiira. Kenako kanangokhala kofiira, kakuphethira. Makina okulunga anali zii.

"Bwanji, achimwene, zatheka?" anafunsa mtsikana mmodzi.

"Likuzolowera," anayankha Dipuloma. "Makhadi amakono amatero. Inu simungazimve."

Belu la nkhomaliro linalira. Anthu anayamba kuvula magolovesi. Bwana Tayi anatulukira pakhonde la maofesi n'kukodola ndi chala.

"Injiniya, tiye ukadye nafe kumtunda kuno."

Injiniya. Chibadwire palibe amene anali atamutchulapo choncho. Mnyamatayo anayang'ana kanyale kofiira kaja, anayang'ana khonde la mabwana, n'kutseka chitseko cha kabati. Anakwera masitepe akukonza kolala.

4. Sopo Wauma

Nambala fifite inali ndi mwini wake. Inali ya thanki yaikulu yophikira sopo, mtima wa fakitale yonse. M'thankimo sopo amafunika kukhala wotentha ndiponso kuvundulidwa kosalekeza, kuti aziyenda m'mapaipi kupita kumakina ena. Akazizira amauma.

Makina awiri atayamba kuyankhira dzina limodzi, kompyuta inawataya onse, monga momwe a Mawaya ananenera. Ubongo wa thanki utaona kuti palibenso wouuza chochita, unachita zimene anaupangira. Unazimitsa moto n'kuimitsa chovundulira. Belu lochenjeza limalira kudzera pakompyuta yomweyo, choncho silinalire.

Mkulu wa m'chipinda choyang'anira anali akudya, diso limodzi lili pagalasi la kompyuta. Manambala anali atangouma pamene analili, abwinobwino, osasuntha. Iye anayamikira kuti lero thanki ikuyenda bwino kwambiri.

Anthu atabwerera kuntchito, chimene chinawadabwitsa ndi bata. Mmodzi anakwera makwerero a thanki n'kusuzumira. Anatenga chitsulo n'kubaya pamwamba pa sopo, chitsulocho n'kuima chokha. Wina anagogoda paipi ndi sipanala, ndipo inalira ngati chipika.

Bwana Tayi anatsika masitepe akuthamanga, tayi ili paphewa. A Mawaya anafika kuchokera kupampu, ovololo ili yonyowa mpaka m'mawondo. Dipuloma analowa m'chipinda choyang'anira, n'kuuza mkulu uja kuti atsegule mndandanda wa makina onse. Unalipo, pakompyuta pomwepo, ndipo akanafuna akanauona m'mawa muja. Thanki, fifite. Makina okulunga, fifitini.

Anaima kaye pang'ono. Kenako anatuluka chifuwa chili patsogolo.

"Vuto ndalipeza," anatero.

Anthu anamutsatira kukabati ija. Anazimitsa magetsi, anatembenuza timagudumu, koyamba pa wani, kachiwiri pa faifi, n'kuyatsanso. Kanyale kanayaka kobiriwira, n'kukhazikika. Uko kuthanki nako kunayaka kobiriwira. Ena osadziwa anaomba m'manja. Wotentha nyumba anali atasanduka ngwazi chifukwa chofika woyamba ndi ndowa.

Koma sopo wouma samva za kanyale kobiriwira. Mapaipi onse anali atatsekeka. Panafunika masiku atatu omasula, kutenthetsa ndi kukumba, ndipo malole amene anali pamzere panja anayamba kutembenuka opanda katundu.

Bwana Tayi anapukuta thukuta. "Ndiye kuti khadi linapatsidwa nambala yolakwika. Ndikufuna kudziwa kumene nambala imeneyo inachokera. Awiri inu, ku ofesi kwanga pakatha theka la ola."

A Mawaya anayang'ana mwana wawo. Mwanayo anali wotanganidwa ndi kupukuta kasikuludiraiva kake.

5. Mawu a Mayi a Kusitolo

Lamulo la pafakitalepo linali loti chipangizo chakufa chizibwezedwa kusitolo. Dipuloma anaponya khadi lakupsa lija pakauntala, n'kutembenuka kuti azipita.

"Taima, iwe," anatero mayi a kusitolo. "Tseka chitsekocho."

Anatseka, koma monyinyirika.

"Atsikana aja andiuza zonse. Unadula foni bambo ako asanamalize. Usatsegule pakamwa, ine ndinakusambitsapo, sungandinamize. Ukudziwa chifukwa chake bambo ako satchula nambala m'Chizungu? Ukuyesa sachidziwa? Iwe usanabadwe kunali mnzawo pano, munthu wanthabwala, ankagwira naye ntchito limodzi. Tsiku lina mnzawoyo analowa m'kabati kukakonza mawaya, n'kufuula kuti azimitse switchi nambala satini. Wothandiza anamva sate. Anazimitsa sate, n'kuyankha kuti zatheka. Munthu uja anagwira waya wamoyo. Anapulumuka, koma dzanja lamanja linapinimbira mpaka lero. Amene anamunyamula kupita naye kuchipatala ndi bambo akowa. Kuyambira tsiku limenelo anati m'fakitale muno nambala azitchula m'chinenero chimene sichiduka mchira. Khumi ndi zisanu, makumi asanu. Tandiuza, ungazisokoneze zimenezo, ngakhale makina atalira chotani? Zimene inu mumaziseka zija zinagulidwa ndi dzanja la munthu."

Dipuloma anayang'ana wotchi yake.

"Sindinathe," anapitiriza mayiwo. "Ukupita ku ofesi. Kumeneko ukanena zoona, akakukalipira, mwina akakulembera kalata yochenjeza. Zikavutitsitsa akakuchotsa, koma ndiwe mwana, pepala uli nalo, mawa upeza pena. Bambo ako akachoka pano alowera kuti, ndi imvi zimenezija, opanda pepala? Bwana ujatu sakufuna choonadi, akufuna makiyi. Akakutsegulira khomo loti unamizire bambo ako, ndipo akakutsegulira mwaulemu, akumwetulira. Chimene chikundiopsa ine n'chakuti bambo ako ndikuwadziwa. Sakakutsutsa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukanama, iwo akavomera bodza lakolo n'kulisenza. Ndiye usapite kumeneko ukuyembekeza kuti wina akakuletsa. Wokuletsa ndiwe wekha."

Mnyamatayo anatsegula chitseko.

"Mayi, ntchito yanu ndi kusunga mabawuti. Za mainjiniya zisiyireni mainjiniya."

"Pita," anatero mayiwo. "Ine ndalavula, zatsala n'zako."

6. Patebulo la Bwana Tayi

Mu ofesi munali mipando iwiri ya alendo. Bwana Tayi analoza umodzi kuti Dipuloma akhalepo. A Mawaya sanawalozere, mwina poopa kuti ovololo yonyowa ingadetse nsalu. Anaima pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja.

"Injiniya," anayamba bwanayo mofatsa, "iwe ndiwe wapulumutsa fakitale lero, ndiye usaope kalikonse. Nambala anakupatsa ndani?"

"Madalawa."

"Anati chiyani?"

"Anati fifite."

Mpaka pamenepa tikhoza kumukhululukira. Zimenezo n'zimene khutu lake linamva, ndipo khutu limalakwa. Akanangowonjeza kuti kunali phokoso, kuti anadula foni osabwereza, kuti anaona kanyale kofiira n'kutseka chitseko, nkhani ikanathera pomwepo. Ndi mawu ochepa, oti mwana wa sitandade wani akhoza kuwanena.

"Unamva bwinobwino?" anafunsa Bwana Tayi. "Paja pamakhala phokoso pamene paja."

Dipuloma anayang'ana pakona ya tebulo.

"Ndinamva bwinobwino, bwana. Ndinabwerezanso, iwo n'kuvomera."

Limenelo silinalinso vuto la khutu. Linali bodza lamkunkhuniza, lophikidwa ndi munthu wamaso, bambo ake ataima kumbuyo kwake. N'zonyansa, ndipo palibe dzina lina loti tizipatse.

Bwana Tayi anatembenuka, nkhope ikuwala ngati walandira mphatso. "Madala, mwamva. Mukuti bwanji?"

A Mawaya anatembenuza chipewa chawo kamodzi. Anayang'ana kumbuyo kwa mutu wa mwana wawo kwa nthawi ndithu, ngati akudikira kuti atembenuke. Sanatembenuke.

"Mano anatha, bwana," anatero. "Mwina lilime linaterereka. Mwanayu anachita zimene anamva."

"Ndiye mukuvomera kuti cholakwa n'chanu."

"Ndavomera."

"Paja ndinanena kuti chiyani mwezi watha?"

A Mawaya anayamba kumasula makiyi palamba. Anali omangidwa ndi kawaya kamene kanakhala pamenepo zaka zambiri, ndipo kanavuta kumasuka. Mu ofesi monse munangomveka kulira kwa makiyiwo. Atamasuka anawaika patebulo.

"Kalata yanu mukatenga mawa kwa alembi," anatero Bwana Tayi. "Lero lomwe mutenge zanu muzipita."

Kenako anakankhira makiyiwo kwa Dipuloma ndi nsonga ya cholembera. "Kuyambira lero makabati onse ali m'manja mwako. Tione kusiyana kwa munthu wophunzira."

Dipuloma anatambasula dzanja n'kutenga.

A Mawaya anapisa m'thumba, anatulutsa kabuku kawo kakuda kaja n'kukaika pamwendo pa mwana wawo.

"Manambala ali patsamba lachitatu. Pampu ija ndasiya bawuti imodzi yosamanga, yakumunsi. Usalole munthu aiyatse usanaimange. Kabati ya thanki chitseko chake chimagwira, uzichikweza pang'ono potsegula, usamachimenye."

Anavala chipewa, anapereka ulemu kwa bwana amene sanawayang'ane n'komwe, n'kutuluka.

Pakhonde anthu anali ataima m'timagulu. A Mawaya atadutsa ndi bokosi lawo la zitsulo, amuna anavula zipewa. Dipuloma atadutsa ndi makiyi, aliyense anapeza chochita. Mtsikana mmodzi mwa awiri aja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kutsonya.

7. Funso la Amayi

Dipuloma anaweruka dzuwa likadalipo. Anazungulira njira yaitali, anaima pamalo ogulitsira mafoni n'kumayang'ana zinthu zimene sankafuna kugula. Koma msewu uliwonse unkathera kunyumba.

Anapeza bambo ake atakhala pakhonde, bokosi la zitsulo lili pambali pawo. Anali akupukuta masipanala limodzilimodzi n'kumawayala pansanza.

"Wabwera, mwanawe. Bawuti ija wamanga?"

"Ndamanga, ababa."

"Wachita bwino."

Analowa m'nyumba mwakachetechete, dzanja litagwira makiyi m'thumba kuti asalire. Amayi ake anali pabalaza. Patebulo panali ovololo ya bambo ake imene anali atayamba kuisita kuti adzavale mawa. Mbali imodzi inali yosalala, inayo ili ndi makwinya, ndipo simbi inali itazizira.

"Taima pomwepo," anatero amayiwo.

Mnyamatayo anaima.

"Bambo ako abwera masana, nthawi yoweruka isanakwane. Akuti ntchito yatha. Akuti analakwitsa nambala."

"Ndi mmene zakhalira, amayi."

"Tulutsa dzanja m'thumbamo ukamalankhula ndi ine."

Analitulutsa. Makiyi analira. Amayiwo ankawadziwa kulira kwake, popeza anawamva akulowa pakhomopo madzulo alionse kwa zaka makumi atatu. Anayang'ana thumbalo, kenako nkhope ya mwana wawo.

A Mawaya anasuzumira pakhomo. "Mayi, musiyeni mwana apume. Watopa."

"Inu bambo, khalani kaye panja. Zanu ndamva kale, ndipo sindinazikhulupirire."

Amayiwo anakoka mpando n'kuuika pakati pa chipinda, moyang'anana ndi wawo.

"Munthu ameneyu ndakhala naye chitsikana changa chonse mpaka imvi izi. Amaiwala chipewa, amaiwala kudya, tsiku lina anakuiwalapo iwe kutchalitchi. Koma nambala sanalakwitsepo. Akuti unali pafoni ndiwe. Khala apa, undiyang'ane m'maso, undiuze mawu amene bambo ako ananena."